Atolankhani akumulakwira kochi kapena akunena zoona? Mafunso ndi mayankho kwa masapota akuno kuchigwa

Mkangano uwu sutha. Timu ikangoluza Loweruka, pofika Lolemba pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu mpaka ku Bangula nkhani imakhala imodzi, ena akuti atolankhani akumuonjeza kochi, ena akuti ayi akumunyengerera kumene, anayenera kupita kalekale. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amangobwerabwera tikakhala pa bawo kapena tikudikira gemu ku video show. Ndineneretu kuti ine ndi wa Maule (Bullets) kuti a Manoma (Wanderers) musadzati ndimabisa, koma nkhaniyi ikukhudza tonse, ndi inu a Silver omwe ngakhale kuno muli ochepa.

Kodi kumudzudzula kochi pa wailesi kapena mu nyuzi ndi kulakwa?

Ayi, nkhabe. Munthu ukavomera kuphunzitsa Bullets kapena Wanderers umadziwiratu kuti dzina lako lizitchulidwa tsiku ndi tsiku, mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipo mtolankhani amene amangoyamikira basi ameneyo sakugwira ntchito, akungofuna azilowa ulele ku training.

Koma pali kudzudzula ndipo pali kungomunyoza munthu. Wina akati "timu imatsogola 1-0, kochi anatulutsa wapakati amene amasunga mpira nkulowetsa sitiraika wina, pakati panatseguka ndipo zigoli ziwiri zonse zinadutsa pomwepo", uko ndi kudzudzula, chifukwa amene anaonera gemuyo atha kuvomera kapena kutsutsa, kochi naye atha kuyankha kuti mnyamata uja anapempha yekha kutuluka mwendo umamupweteka. Koma wina akangoti "kochiyu nzeru zamuthera, anyamata sakumufunanso" osatiuza kuti wamva kwa ndani, waona chani, apo palibe choti munthu angayankhe. Zoterezo ndi zomwe zimakwiyitsa anthu, ndipo akakwiya sindiwada.

Nanga bwanji ife akuno timakangana kwambiri pa zomwe wanena mtolankhani kuposa gemu yeniyeniyo?

Chifukwa gemuyo ambirife sitinaione, tinaimva. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuchoka pa boma la Chikwawa kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 50, zimaoneka ngati pafupi, koma ukawerenga thiransipoti yokwera mapiri aja pa Thabwa, ya pageti pa Kamuzu Stadium, chakudya, kenako kubwerera usiku, ndalama yake ndi yoti pakhomo anthu adya masiku angapo. Wa ku Nsanje kapena ku East Bank ndiye musanene nkomwe. Ndiye maso athu ndi munthu amene wagwira maikolofoni uja.

Taganizani mmene zimakhalira pa golosale Loweruka masana. Wailesi yaikidwa pa kreti, anthu adzadza pakhonde kuthawa dzuwa, malaya ali paphewa, wakabaza waimika njinga phazi limodzi pansi akuti angomvako pang'ono koma sakuchoka. Woulutsa uja angoti "koma kochi wangoima, manja ali mthumba, sakulankhula chilichonse!" basi khonde lonse lagamula kale mlandu, kochi alibe nazo ntchito. Palibe amene waona kuti mwina wothandizira wake ali pa mzere akukuwa mpaka mawu kusasa, kapena kuti malangizo anaperekedwa pa hafu taimu. Ndiye zimachitika kuti amene amamvera pa Zodiak ndi amene amamvera pa MBC kapena Times akakumana madzulo amakhala ngati amvera magemu awiri osiyana, wina akuti tinasewera bwino tsoka chabe, wina akuti tinangoyendayenda mu galaundi, onsewo akulumbira.

Masiku ano inde magemu ena amaonetsedwa pa TV ndi pa Facebook, koma bando ndi yodula, netiweki imadukaduka, magetsi nawo mukuwadziwa. Ndipo kamera imatsata mpira, siionetsa difenda wakumanzere amene wasiya malo ake. Ndiye mtolankhani wa zampira akamalankhula adziwe kuti kuno mawu ake sitiwatenga ngati maganizo ake, timawatenga ngati zomwe zachitika. Udindo umenewo ndi waukulu kuposa mmene ena a iwo amautengera.

Ndi ziti zomwe kochi ayenera kufunsidwa, ndi ziti zomwe si zake?

Zake ndi izi: layinapu, masabu ndi nthawi yomwe wawapanga, kaseweredwe, ma kona ndi ma firikiki (timu ikamagoletsedwa pa kona gemu ndi gemu imeneyo ndi ntchito ya ku training, palibe kothawira), mphamvu za anyamata ngati akumatopa pa 70 minitsi sabata iliyonse, ndi mwambo. Akamaumirira pa pleya mmodzi amene aliyense akuona kuti wazilala pomwe mwana wabwino akuola pa benchi, afunsidwe, ndipo afunsidwe mobwereza.

Zomwe si zake: malipiro akachedwa miyezi, ma gemu bonasi osaperekedwa, mapleya ogulidwa ndi akuluakulu a komiti iye osafunsidwa, wosewera wabwino kugulitsidwa pakati pa sizoni, galaundi yoti mpira ukudumphadumpha, ulendo wa pa basi kuchoka ku Blantyre mpaka ku Karonga kenako nkukaseweranso pasanathe masiku atatu, ndi oyimbira. Sitiraika akaphonya ali yekha ndi goloboyi, kochi sangalowe kukamumenyera. Chomwe chimandiwawa ine nchakuti atolankhani ambiri izi amazidziwa bwino kuposa ife, amadziwa kuti anyamata sanalandire, koma mutu wa nkhani umatulukabe wonena kochi.

Bwanji nanga amakonda kugwira kochi osati mabwana a timu?

Kochi ndi amene amapezeka. Wezulo yomaliza ikangolira maikolofoni ili kale pakamwa pake, munthu mtima uli m'mwamba, thukuta lili kamukamu, ayankhe bwanji waluza. Tcheyamani nthawi imeneyo watsika kale ku VIP walowa mgalimoto. Chachiwiri, nkhani zambiri za mkati mwa timu atolankhani amazimva kwa akomiti omwewo, ndiye munthu sungamulume amene amakupatsa nkhani, mawa sakuyankhanso foni. Kochi lero alipo mawa kulibe, koma bwana uja akhalapobe zaka.

Ndiye mukamva kuti "munthu wina wamkati amene sanafune kutchulidwa dzina wati kochi wapatsidwa magemu atatu", muzidzifunsa kuti amene watulutsa nkhaniyi akupindula chani. Nthawi zambiri amakhala akukonza njira kuti tsiku lomuchotsa masapota tisadzadabwe, kapena akufuna tiyiwale zoti iwowo sanagule sitiraika. Kwa ine vuto la atolankhani athu si loti amadzudzula kwambiri ayi, vuto ndi loti amadzudzula munthu mmodzi yekhayo amene ndi wofewa kumugwira.

Pasuwa anawina pafupifupi chilichonse koma ankanenedwabe. Zinali zoyenera?

Funso ili a Maule timagawanika nalo mpaka lero. Kalisto Pasuwa anabwera kudzaphunzitsa Bullets chakumapeto kwa 2018, atawinapo kale ligi ya ku Zimbabwe kanayi motsatizana ndi Dynamos. Ku Bullets ligi inakhala yathu kuyambira 2018 mpaka 2023 osaduka, ndipo mu 2023 anatenga zikho zinayi, ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Munthu wotere ukamunena kuti sadziwa mpira ndiye kuti iweyo ndi amene uli ndi vuto.

Koma pa nkhani ya mipikisano ya CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, mafunso ena anali oona. Mu 2021 tinakawina 1-0 ku Durban ndi AmaZulu, aliyense anati basi tadutsa, kenako nkudzaluza 3-1 pakhomo. Pamenepo mtolankhani kufunsa kuti timu inakonzekera bwanji, inalowa ndi maganizo otani, zigoli zija zinalowa bwanji motero, anali pa ntchito yake ndithu. Koma kumunena chifukwa chotulutsidwa ndi Simba mu 2022 kapena TP Mazembe mu 2023 ngati kuti anataya gemu yophweka, apo ndiye kunali kuonjeza. Mazembe yatenga chikho cha Africa kasanu, ili ndi stediyamu yakeyake, mapleya imagula m'maiko osiyanasiyana. Amene amayenera kufunsidwa pamenepo ndi eni matimu ndi oyendetsa ligi yathu, kuti bwanji timu yomwe ikumenya aliyense kuno ikangotuluka panja ikuoneka yaing'ono.

Madala ena amati "koma Kinnah anakwanitsa". Zoona, mu 2004 Kinnah Phiri anaifikitsa Bullets mu magulu a Champions League atatulutsa Orlando Pirates panjira. Koma musaiwale kuti nthawi imeneyo timu imatchedwa Bakili Bullets ndipo ndalama za a Muluzi zinalipo, mapleya abwino ambiri a dziko lino anali pamodzi. Ndipo chinanso, mu 2024 ligi itapita ku Silver Strikers amene anaitenga ndi Peter Mponda, yemwe anali wothandizira wa Pasuwa yemweyo. Ndiye Pasuwa amene ankanenedwa kuti watha uja ndi amene anapatsidwa Flames pambuyo pake. Kaya mumazimva bwanji zimenezo.

Kodi makochi akunja amawanyengerera kuposa akwathu?

Poyamba inde, kumapeto ayi. Wakunja akamafika amalandiridwa ngati wabweretsa mankhwala, malipiro ake ndi ena, nyumba, galimoto, ndipo nyuzi zimamupatsa nthawi. Koma zikavuta amamenyedwa kuposa wakwathu chifukwa aliyense amayamba kuwerenga ndalama zomwe akulandira. Ronny Van Geneugden wa ku Belgium anakhala ku Flames kuyambira 2017 mpaka 2019 ndipo pomachoka panalibe amene amamuikira kumbuyo.

Nkhani ya Meke Mwase wakwathu ndi Mario Marinica wa ku Romania ndi imene imaonetsa bwino. Meke ndi amene anaipititsa Flames ku AFCON, mpikisano wa maiko a mu Africa, ya ku Cameroon, koma mpikisano utayandikira timu inapatsidwa kwa Marinica, Meke nkukhala pansi pake. Kufika kumeneko Marinica anapezeka ndi Covid, magemu awiri oyamba pa benchi panali Meke, kuphatikiza ija tinamenya Zimbabwe 2-1 Gabadinho Mhango atagoletsa zonse ziwiri. Tinafanana mphamvu ndi Senegal 0-0, tinalowa mu 16 omaliza koyamba m'mbiri, Gaba nkumenya chigoli chakutali chija ndi Morocco ngakhale tinaluza 2-1. Ulemu wake unapita kwa ndani? Mpaka lero pa bawo sitinagwirizane. Kenako Marinica atayamba kumusiya Gaba panja ndi kuumirira mpira wake wothamanga uja, atolankhani anamutembenukira, ndipo Egypt itatimenya 4-0 pa Bingu Stadium mu March 2023 nkhani yake inathera pomwepo. Ine ndimaona kuti kufunsa za Gaba kunali koyenera, kochi ali ndi ufulu wosiya pleya aliyense koma afotokoze zomveka. Chomwe chinachedwa ndi kufunsa FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, kuti bwanji munasintha kochi mpikisano uli pakhomo. Meke anakasuma ku khoti la za ntchito ndipo anawina, kusonyeza kuti nkhaniyo sinayende bwino kuyambira pachiyambi.

Mtolankhani sanasewerepo mpira, angamuuze chani munthu wa mapepala a CAF?

Iyi ndi mfundo yofooka aise. Arrigo Sacchi sanasewerepo mpira wapamwamba koma monga kochi anatenga chikho cha ku Ulaya ndi AC Milan mu 1989 ndi 1990. Kuona kuti mbali yakumanja ikudutsidwa sikufuna setifiketi. Ndipo muzisamala ndi akale ena omwe amaitanidwa kudzaunikira gemu, poti wina amakhala kochi amene pakali pano alibe timu, akamanena mnzake mawu ake amakhala ngati kalata yofunsira ntchito.

Zoti atolankhani amalandira kangachepe kuti amunene kapena amuteteze kochi ndi zoona?

Nkhani ya chipondamthengo atolankhani eni ake amaikamba ndipo amaidandaula, malipiro m'nyumba zambiri zoulutsira mawu ndi ochepa, ndiye mayesero alipo. Koma kuchoka pamenepo nkufika poti "uje wadya za akomiti" popanda umboni ndi bodza lomwelo lomwe tikuwadzudzula nalo iwowo. Ambirife timati mtolankhani wagulidwa pokhapokha akanena zomwe sitikufuna kumva. Yemweyo sabata yamawa akayamikira timu yathu timati uyu ndiye amadziwa mpira.

Njira yabwino yomuonera munthu ndi kumutsata nthawi yaitali. Kodi zomwe anamunenera kochi wa Wanderers atafanana mphamvu magemu atatu anazinenanso kochi wa Bullets atachita chimodzimodzi? Ngati muyeso wake ukusintha malinga ndi mtundu wa jezi, ameneyo ndi sapota amene wagwira maikolofoni, ndipo safunikanso envulopu.

Ku England nako amawanena chonchi?

Kuposa kuno, kutali. Chosekesa nchakuti ife akuchigwa magemu a Manchester United ndi Arsenal timawaona ndi maso athu sabata iliyonse ku video show, jenereta ikulira panja mkati mukutentha ngati mu uvuni, pomwe timu yathu ya ku Blantyre konkuno timangoimva. Ndiye pa za ku England timatha kutsutsana ndi wounikira chifukwa taona tokha, pa za kwathu timangobwereza zomwe tamva.

Kumeneko zitsanzo zilipo za mbali zonse, aliyense amatola chomukomera. Oteteza kochi amatchula Alex Ferguson, anafika ku United mu 1986 chikho choyamba nkudzatenga mu 1990, mabwana akanamvera nyuzi bwenzi atamuchotsa. Amatchulanso Mikel Arteta amene anamaliza pa nambala 8 kawiri motsatizana anthu akukuwa kuti achoke, kenako Arsenal nkuyamba kulimbirana ligi. Ofuna kochi achoke amatchula Erik ten Hag, anawina FA Cup mu May 2024, mabwana anamusunga chifukwa cha chikhocho, pofika October yemweyo anamuonetsa msana wa njira. Koma a United musaseke, poti atabwera Ruben Amorim sizoni imeneyo munamaliza pa nambala 15, ndiye mwina atolankhani amene ankati vuto lili pamwamba osati pa benchi pokha anali ndi mfundo. Kusiyana kwake nkoti kumeneko kochi akachotsedwa amapita ndi ndalama zoti sangazimalize, wakwathu amayamba kuyenda m'maofesi kulondola zake.

Nanga matimu athu akuno, makochi ake amaweruzidwa mwachilungamo?

Apa ndiye pamandikhudza. Akuluakulu amakumbukira Sucoma ikusewera ndi matimu akuluakulu pa Kalulu, ndipo mu 2018 Nchalo United inali mu TNM Super League, inatuluka chaka chomwecho pamodzi ndi Red Lions ndi MAFCO. Timu yakuno ikalowa mu ligi yaikulu nkhani zomwe zimalembedwa kumtunda zimakhala ziwiri basi, kutentha kwa ku Nchalo ndi zigoli zomwe yagoletsedwa. Ikawina pakhomo akuti alendo anatopa ndi dzuwa, ikaluza koyenda akuti kochi ndi wosakhwima. Dzuwalo limaotcha onse 22 koma ulemu wa kochi umapita kwa dzuwa.

Tsikirani m'munsi ku matimu a m'madera muone zomwe kochi amakumana nazo. Gemu ndi ya 3 koloko ku Nsanje, 11 koloko munthu akadali pa msewu ndi kope lake m'manja akufufuta mayina, difenda wake ali pa shifiti ku esiteti, goloboyi wapita kukagulitsa thonje, sitiraika akuti sakwera lole ngati sapatsidwa ya sopo, jombo zilipo mapeya asanu ndi atatu ena azibwerekana. Madzi akasefukira monga zinachitikira ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, magalaundi ena amasanduka mchenga, kwina masukulu amakhala makampu, training imaima. Munthu ameneyu salandira kanthu, nthawi zina mpira wagula yekha. Ndiye madzulo wina aimbe foni pa wailesi kuti kochi sadziwa kupanga sabu, sabu yake amutenga kuti pa benchi pali ana awiri?

Ubwino wa mawailesi athu a m'dera ngati Gaka FM ndi Nyanthepa ndi woti wolankhulayo amakumana ndi kochi pa msika, sangangonena zilizonse poti mawa aonana. Kuipa kwake nkomweko, nthawi zina amaopa kunena ngakhale zoona chifukwa kochiyo ndi alamu ake.

Kumuchotsa kochi kumathandiza?

Nthawi zina. Watsopano akabwera anyamata amathamanga magemu awiri atatu poti aliyense akufuna malo, ndiye timati mwaona. Koma kochi amachotsedwa timu ili pansi penipeni, ndipo timu yomwe ili pansi penipeni nthawi zambiri imakwerako ndithu ngakhale pasasinthe kanthu. Ligi yathu ili ndi matimu 16, magemu 30, ine ndimati raundi yoyamba ithe kaye, akumane ndi aliyense kamodzi, pokhapokha ngati anyamata asiyiratu kumumvera ndipo zikuoneka mu galaundi osati mu nyuzi.

Mtolankhani akanama poyera tingatani?

Kumudikirira pa geti ayi, kumutukwanira makolo pa Facebook ayi, zimenezo zimangoipitsa dzina la timu ndipo nkhani imasintha, imakhala ya masapota achiwawa, bodza lija nkuiwalika. Timu kapena kochi ali ndi ufulu wopempha kuti mbali yake imveke pa wailesi kapena nyuzi yomweyo, ndipo zikakanika kuli Media Council of Malawi komwe madandaulo otere amapita.

Ife masapota chida chathu ndi foni. Mapulogalamu a zamasewera amatsegula lamya, ndiye mukaimba musawononge mayuniti ndi moni wa kwa achimwene a ku Marka ndi azakhali a ku Makhanga, pitani pa nkhani. Mufunseni kuti mwati anyamata sakumufuna kochi, mwalankhula ndi angati? Mwati sabu inali yolakwika, mukanatulutsa ndani nkulowetsa ndani pa benchi yomwe inalipo tsiku limenelo? Ndipo za malipiro a miyezi ija, tcheyamani munamufunsa liti, anayankha kuti chani?